Chakudya Chosayenera Mlendo

Ku Lupembe mukafunsa za Dora Kayira, anthu amayamba akuyang'anani kaye. Koma mukati NyaKayira wa kuchigayo cha mpunga, ngakhale wogulitsa makala akulozerani njira, n'kuwonjezera kuti musavutike n'kugula mandasi chifukwa mukadya komweko. Mbiri ya mayiwa ndi imeneyo basi. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo kwaya anaisiya anzawo atawauza mosapsatira kuti mawu awo amasocheretsa ena. Koma dzanja lawo silidziwa kufumbata.

Anabadwira konkuno, m'banja loweta ng'ombe, kumene mlendo ankati asanakhazikike bwinobwino n'kuti chikho cha chambiko, mkaka wowawasa uja, chili kale m'manja mwake. Bambo awo ankati munthu akachoka pakhomo pako kukamwa kuli gwa, wadzitukwana wekha. Mgodi wa ku Kayelekera utatsegulidwa, NyaKayira anakwera kumapiri kukaphika pa kalesitilanti ka mayi wina kunja kwa mpanda. Kalesitilantiko sikanapite patsogolo, ndipo mwini wake mpaka lero amaloza chala chipande cha NyaKayira, chomwe ati chinkamira kwambiri mumphika. Mgodi utatsekedwa anabwerera kumudzi ali wamasiye, ndi mwana mmodzi, Eliness. Ndi pamene anapeza ntchito pa chigayo cha kopaletivi ya alimi a mpunga, ntchito yopeta, kusesa, kusoka matumba ndi kuphika tiyi.

Chigayocho chili pa kachitunda pakati pa minda, kutali ndi msewu, ndipo kuseri kwake kumadutsa kamtsinje komwe m'chilimwe munthu amangokalumpha. M'dzinja n'kachilombo. Chaka china mvula itagwa kumapiri, kanasefukira dzuwa likuswa mtengo, n'kuzinga chitunda chonse. Ogwira ntchito anatsekeredwa masiku angapo. Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa kwa amene sanaliko, n'chakuti anafooka ndi njala atatsamira matumba a kilombero. Nkhuni zinali zitapita ndi madzi, machesi atanyowa, ndipo anatafuna mpunga wosaphika mpaka nsagwada kuwawa.

Madzi ataphwa, a Gregory, manijala wa kopaletivi, anabwera ndi bokosi lachitsulo, lija ana amapita nalo kusukulu yogonera konko. Anati chakudza sichiimba ng'oma, choncho m'bokosimo muzikhala chakudya chosafuna moto, chodikira tsiku la ngozi. Kiyi anapereka kwa NyaKayira popeza ndiwo ankadziwa za kukhitchini. Apa m'pamene anaphonya a Gregory, munthu wanzeru zake.

Ulendo woyambawo anagula zinthu zosiririka: shuga, mkaka wa ufa, sobo, uchi, mtedza ndi mabisiketi okhala ndi kirimu pakati. Zonsezi zimakhalitsa, n'zoona. Koma kunabwera alangizi a zaulimi, ndipo munthu sangapatse alangizi madzi okhaokha. Kunabwera ogula mpunga ochokera ku Tanzania, anthu oti akakanene kwawo kuti Amalawi ndi otani. Kunagwa maliro kwa mlimi wina, ndipo shuga anapita kukapepesa. NyaKayira sanalawe ngakhale bisiketi limodzi. Nthawi iliyonse akamatsegula loko ankadziuza kuti kupatsa n'kuika, mawa abwezeretsa.

Mu Seputembala a Gregory anati aone ngati zinthu zili bwino mvula isanayandikire. Anapeza supuni imodzi ndi nyerere.

“Mama, kodi madzi anasefukiranso ine kulibe?” anafunsa mofatsa.

“Yayi, bwana. Ndi alendo.”

“Alendo sadzatha, mama. Ndikupatsaninso mpata umodzi wokha. Mvula ikatipeza bokosi lili chonchi, kiyi ndipereka kwa Manase.”

Manase ndi amene amayendetsa makina, munthu woti akamadya chinangwa chake amayang'ana kukhoma. NyaKayira anamva manyazi kwambiri, ndipo anamvanso mantha, chifukwa njala ya chaka chija ankaikumbuka bwino. Ankafunitsitsa kuti bokosi lifike m'dzinja lili lodzaza. Komanso sankafuna kuti ku Lupembe kumveke zoti mwana wa Kayira wayamba kumana alendo. Ziwirizi zinkakanirana mumtima mwawo ngati ng'ombe zosazolowerana pagoli limodzi.

M'mawa mwake anapita kumsewu, kugolosale ya Che Abubakar, mkulu wa ku Mangochi amene wakhala kuno mpaka kuyamba kuwerengera makasitomala ake m'Chitumbuka. Mkuluyu nkhani ya zosunga amaikonda. Anawafotokozera kuti kutentha kwa ku Karonga sikuseka ndi majarini, kuti ufa uliwonse anankafumbwe amaupeza ngakhale utaubisa bwanji, kuti mtedza wokazinga ukakhalitsa umayamba fungo, ndiponso kuti za m'chitini uziyang'ana deti pansi pake, ndipo chitini chotupa kapena chadzimbiri usachikhudze n'komwe.

NyaKayira anamvetsera mpaka mkuluyo kumaliza, kenaka anapukusa mutu.

“Zonsezo ndamva, Che Abubakar. Koma nankafumbwe wa bokosi lija ndine. Mundipatse chakudya choti ine ndingachite nacho manyazi kuika pamaso pa mlendo.”

Che Abubakar anaseka mpaka kuvula kachipewa kawo n'kupukuta misozi. Analowa kuseri, nabwera ndi katoni ya nsomba za m'chitini, zija zimakhala mu supu wa tomato.

“Izi ndinaoda mutu usakuyenda bwino, amama. Ine wa ku Mangochi, inu a ku Karonga, tonse tinakulira nsomba yochoka m'madzi lero. Ndani kuno angagule nsomba yoti inafa zaka ziwiri zapitazo kunyanja ya eni? Koma onani deti, ikadali kutali. Ndipo kutsegula kwake n'kungokoka kamphete aka, mpeni sufunika.”

NyaKayira ananyamula chitini chimodzi ndi zala ziwiri, nkhope itachita tsinya. Anaganiza zoika chinthu chimenechi pamaso pa abusa, thupi lonse linachita tsemwe. Anadziwa kuti apeza chomwe ankafuna.

Anatenganso mabisiketi ouma opanda shuga, aja amafuna mano a mnyamata. Kunyumba anakazinga chimanga mpaka kuuma gwa, nachithira m'mabotolo otseka bwino kuti chinyezi ndi nyerere zisalowe. Anawiritsa mbatata, kuidula mapisi, n'kuiyanika padenga mpaka kulimba ngati chikopa. Anaikamo malambe osaswa, mchere pang'ono, ndi machesi m'kabotolo kawokawo. Madzi akumwa anathira m'zigubu, nadonthezera mankhwala a kolorini. A Gregory ataona zonsezi anakanda m'mutu, koma sanatsutse.

Nzeruyo inagwira ntchito mochita kuopsa. Oyendetsa malole, omwe anali atazolowera sobo, anati akafunsa za bokosi NyaKayira ankangowatsegulira kuti adzionere okha. Ankasuzumira, kuona zitini, n'kubwerera m'mbuyo.

“Yayi mama, yewo chomene, tarya kale.”

Alendo aulemu okha sankawaonetsa n'komwe. NyaKayira ankawabweretsera nthochi kuchokera kunyumba kwawo, kapena kugawa pakati nkhomaliro yawo, koma sizinkakwanira onse. Mawu anayamba kuyenda kuti NyaKayira wa masiku ano si uja, kiyi wamuumitsa manja. Mayi wina anachita kuwauza pamjigo, akuseka, kuti mwina Manase wawapatsira matenda ake. NyaKayira anaseka nawo, koma zinawapweteka kwambiri. Bokosi lokha linali lodzaza, ndipo nthawi zina ankalitsegula kungoti aone ngati chitini china chatupa.

Mu Novembala chigayo chimakhala zii. Mpunga wa dzinja unali utagulidwa wonse, wothirira usanache, ndipo m'nyumba yosungiramo matumba munali mpheta zokha. A Gregory anali ataletsa kusonkha moto chifukwa cha mulu wa mankhusu ouma womwe unali pafupi. Tsiku lina iwo ndi Manase anapita kuboma kukafuna lamba wa makina. NyaKayira anatsala okha akusoka matumba ong'ambika, ndipo nkhomaliro yawo anali atapatsa kale mlimi wina amene anadzafunsa za mbewu.

Masana, dzuwa lili paliwombo, anamva odi pakhomo. Anali NyaMsowoya, asewere awo, amayi a mwamuna wa Eliness. Kwawo n'kumudzi wa asodzi kunsi kwa mindayi, ndipo amuna awo ndi msodzi wotchuka, woti tsiku la ukwati wa ana awo anabweretsa chambo chodzaza mabeseni mpaka ophika kudandaula. Pa anthu onse a padziko, amenewa ndiwo NyaKayira ankayenera kuwaphera nkhuku.

Analonjerana atagwada onse awiri, aliyense kulimbirana kutsika kuposa mnzake. NyaMsowoya anati akuchokera kuchipatala kuboma, kumene amuna awo anagonekedwa, ndipo atatsika minibasi anati adutse m'minda kuti angopereka moni.

“Sindikhalitsa, asewere. Tumadzi tokha.”

NyaKayira anatunga madzi. Mlendoyo polandira kapu anagwira ndi manja awiri, koma madzi ankatayikirabe pachitenje. Milomo inali yotuwa, ndipo atamwa anatseka maso kwa kanthawi, mutu atatsamiritsa kukhoma. NyaKayira anaphikira anthu moyo wawo wonse, munthu wanjala ankamudziwa asanalankhule.

Analowa m'kachipinda ka bokosi n'kuima chilili. Golosale inali kutali, kunyumba kwawo kutali kuposa pamenepo, moto woletsedwa, ndipo ngakhale akanauswa lamulo panalibe choti n'kutereka. Kuwalola asewere apite chomwecho kunali kudzitukwana. Koma kupatsa mkazi wa msodzi nsomba ya m'chitini! Nkhani imeneyo ikanafika kunyanja iwo asanaweruke, ndipo wonyozeka nayo akanakhala Eliness. Anatuluka thukuta loposa la dzuwa lija. Potsiriza anamasula kiyi pa mkanda wa m'khosi.

Anayesetsa kubisa. Anakhuthulira nsombazo m'mbale yabwino, chitini n'kuchikankhira kuseri kwa chitseko, nayala mabisiketi ouma ndi mbatata m'mbali mwake. Koma fungo la supu wa tomato uja silibisika. Anatuluka ndi madzi osamba m'manja, nagwada, maso ali pansi.

“Pepani chomene, asewere. Mwandipeza pantchito, manja ali m'khosi. Si chakudya choyenera inu ichi. Mukachikana sindidandaula.”

Ankayembekezera kumva kuti tarya kale, monga ankanenera onse. NyaMsowoya anasamba m'manja, napemphera mwachidule, n'kuyamba kudya. Sanafunse kuti ndi nsomba yanji. Ankanyika bisiketi mu supu kuti lifewe, kutafuna mbatata yolimba ija mosadandaula, ndipo nsomba zitatha anapukuta mbale ndi chala mpaka kuyera. NyaKayira ankayang'ana kumbali mwaulemu. Manyazi aja anali atathawa, m'malo mwake munalowa mantha.

Mabisiketi atatsala ochepa, mlendoyo analeka kudya. Anawasonkhanitsa pamodzi ndi mbatata yotsala, namanga pansonga ya chitenje.

“Izi ndikampatse Eliness. Ndi pathupi paja sachedwa kumva njala.”

“Asewere,” anatero NyaKayira, “kunyumba mukudya chiyani?”

NyaMsowoya anayankha maso ali m'mbale yopanda kanthu ija.

“Bwato silinalowe m'madzi chidwalireni adada awo. Mnyamata wanga, mkamwini wanu uja, ndi amene akuwadikirira kuchipatala. Tikuphika mango aawisi. Mwana wanu anatiletsa kukuuzani, akuti amama angagawe mpaka mbewu yawo.”

NyaKayira anatola mbale n'kubwerera m'kachipinda kaja. Bokosi linali chitsegukire, zitini zili ndandanda, mabotolo a chimanga ali mbuu mpaka kukamwa. Zonsezo zikanakwana mu dengu limodzi, ndipo dengu linali pomwepo pakhoma. Manja awo anafika mpaka pa katoni. Pawindo ankaona mapiri a kumadzulo atasenza mitambo yakuda, yoyamba chaka chimenecho. Anaganiza za Eliness, naganizanso za anzawo a pantchito, omwe chakudyachi chinali chawo ngakhale anali asanachifune. Misozi inagwera pa chivindikiro pamene ankachitsitsa.

Loko analira kuti khatya, ndipo m'chigayo mopanda makina phokosolo linamveka mpaka pakhomo. NyaKayira anadziwa kuti asewere amva, ndipo adziwa kuti m'bokosimo mwatsala zambiri. Moyo wawo wonse anali asanatsekepo chakudya munthu wanjala ali pakhomo.

Anatseka mawindo, natenga chikwama chawo, n'kutuluka.

“Tiyeni tidzere kwathu, asewere. Kuli mkoko wa nthochi, kuli nkhuku, kulinso kampunga komwe ndinasunga. Tikanyamule, ndikuperekezeni mpaka kunyanja.”

“Nanga ntchito?”

“Matumba sathawa.”

Analowa m'kanjira ka pamzere wa minda, kopapatiza koti anthu awiri sangayende mogundizana mapewa. Mwa mwambo mlendo ndiye amayenera kutsogola, koma tsiku limenelo NyaKayira anadutsa kutsogolo, chifukwa sankafuna kuti asewere awaone kumaso.