Chidindo pa buku la ba Tembo

Lolemba lapitali ndinalandira ulemu umene koleji inandimana: ndinaitanidwa ngati katswiri.

Wondiitana anali ba Tembo, mkulu wokonza njinga ku Nangongwe. Amadziwa kuti ndinakhalako chaka ndi theka ku koleji akuluakulu a kumeneko asanandiuze kuti ndikayambe ndapuma kunyumba. Mpaka lero ndikupumabe. Kwa iwo, umenewo ndi uprofesa.

M'manja anali ndi chidutswa cha nyuzipepala. Yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja ikufuna anthu ofufuza Chitchaina chamakedzana, zolemba za anthu amene anafa kalekale. Chakudya, pogona, mabuku ndi tikiti ya ndeke, zonse adzapereka okha.

"Nilembeleko mafomu, mwana wanga. Iwe unaphunzila."

Musafulumire kuseka. Paunyamata wawo ba Tembo anamanga nawo njanji kumpoto pamodzi ndi Matchaina. Dokotala wa pamsasa, Mtchaina wachikulire, ankawaphunzitsa kulemba Chitchaina ndi kaburashi Lamlungu lililonse. Pobwerera kwawo anawasiyira buku lolemba yekha pamanja, mapepala opyapyala ngati khungu la anyezi, lodzaza ndakatulo zakale. Fakitale yathu ya nsalu, kumene ankagwira ntchito, itatseka zipata, ba Tembo anagulitsa wailesi, mipando, ngakhale suti ya ukwati. Buku ayi.

Anandimasulira ndakatulo imodzi. Akuti ndi ya mkulu wina wa boma amene anachotsedwa ntchito n'kupita kukalima ndiwo zamasamba.

"Waona? Na kwao banali kuchosa bantu nchito."

Fomu inafuna digiri ndi makalata a maprofesa awiri. Ba Tembo ali ndi sipanala ndi pampu. Apa m'pamene katswiri anatsokomola n'kupereka uphungu.

"Ba Tembo," ndinatero, "muno mu Zambia pepala ilibe stampa ni pepala chabe. Pelekani buku ku ofesi bakadinde. Izankala monga setifiketi."

Lachitatu anatchena jekete n'kupita. Kalaliki amene anawalandira anali waulemu ndiponso wakhama. Sanafunse kuti bukulo likunena chiyani, chifukwa si ntchito yake. Anadinda tsamba lililonse, pakati penipeni, pamwamba pa zilembo, monga anaphunzitsidwira, kuti wakuba asadzadule chidindo n'kukachimata kwina. Inki yofiirira inalowerera mpaka kuseri kwa tsamba. Ba Tembo anangoima chilili, chipewa m'manja. Munthu wa msinkhu wawo sagwira dzanja la boma likamagwira ntchito.

Tsopano bukulo ndi lovomerezeka. Kungoti silikuwerengeka.

Kalalikiyo sindikumuimba mlandu. Ine ndine ndinawatuma, ndipo ndinawatuma ndi mtima wonse, poti ndi nzeru yokhayo imene dziko lino linandiphunzitsa bwinobwino. Kodi si ife amene timafunsa mmisiri pepala tisanaone khoma limene wamanga? Pamene boma linkagulitsa makampani, anthu odziwa kumva matenda a makina ndi khutu anauzidwa kuti alibe mapepala. Lero akugulitsa tomato pasiteshoni. Makina anapita, luso likukalamba m'makomboni, koma chidindo chili moyo, chikudya inki tsiku ndi tsiku.

Ndipo taganizani. Kwinakwake kuli anthu amene amam'patsa munthu chipinda ndi chakudya kuti azingowerenga mawu a akufa. Kuno amoyo akulankhula, palibe wolemba. Nkhalamba za ku Chanyanya zimene zimadziwa dzina la mtsinje uliwonse wolowa mu Kafue zikupita imodziimodzi, popanda fomu, popanda ndeke. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife wathu tamuyetsemulira kutali.

Dzulo ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza atakhala pakati pa matayala, akulemba kuseri kwa fomu ija ndi kaburashi, kuyesa kubwezera pamtima zimene inki inameza. Kutumiza fomu anasiya. Mzere wachitatu unali ndi mpata.

"Apa panali liu limodzi," anatero osandiyang'ana. "Nayesa kuyambila m'mawa. Laenda."

Ndinayang'ana m'buku. Pamalo pa liwulo panali tsiku la mwezi ndi siginecha, zooneka bwino kwambiri.

Inu amene muli ndi madigiri odinda bwino, kuyambira ku Boma mpaka kumtsinje: ndani mwa inu angawakumbutse ba Tembo liwu limenelo?