Mwala Umene Unathawira ku Zambia

A Vicente a ku Mualadzi anayamba kutola miyala ali mnyamata, ndipo mpaka lero akamachokera kumtsinje matumba a buluku amachita kulendewera. Nkhondo itafika, anzawo anathawira ku Zambia atasenza chimanga ndi mphasa. Iwo anasenza mwala. Unali wofiirira, wa timizere toyera, ndipo atabwerera anauika pazenera kuti alendo aziusirira.

Popita zaka mwalawo unayamba kusalala. A Vicente ankauza aliyense pamsika kuti mwala wawo ndi wamoyo, ukukhwima ngati munthu. Ena ankabwera kudzaugwira.

Tsiku lina m'mawa anaupeza kubafa uli wonyowa, pambali pa sopo.

"Amayi, mwala wanga ukutani kuno?" anafunsa akazi awo, a Eneles.

"Ndimakwechera zidendene, chibwerere ku Zambia. Inu mumati zikang'a zanga zinatha ndi mapemphero?"

Masiku ano a Vicente amaisimba okha nkhaniyi, n'kumaseka mpaka kutsokomola. Amati pa miyala yonse imene anatola, wagwirapo ntchito ndi umodzi wokha, ndipo anaizindikira ntchitoyo si iwo. Mwalawo unabwerera pazenera. Koma anthu akapita kumunda, a Vicente amautenga mwakachetechete n'kulowa nawo kubafa.