Zilembo zopanda nsapato

Ko, ko, ko. Umu ndi mmene Ada Longwe, wolemba zikwangwani kuno ku Nkhata Bay, ankagogodera burashi pa chitini cha penti. Ndimakumbukirabe tsiku limene ankalemba chikwangwani cha tiyirumu ya agogo anga, amene anandilera makolo anga atamwalira. Zilembo zawo zinali zonenepa, zakuda bii, chilichonse chili ndi timapazi. Timapazito ankati ndi nsapato, ndipo ankanena kuti chilembo chosavala sichifika patali.

Mwezi watha chikwangwanicho chinagwa, chiswe chitachimaliza. Msuweni wanga wodziwa kompyuta anakasindikizitsa chinsalu chatsopano ku Mzuzu. Zilembo zake zowonda ngati ulusi, zopotanapotana, zapinki. Anati zimenezi ndiye zamakono.

Sabata ino, tsiku la sitima, ndinakhala pakhonde kuonerera anthu akuchokera kudoko. Onse anadutsa osacheuka. Amene analowa ndi mayi mmodzi yekha, atavula kale duku, kufunsa ngati pamzere wolukitsa tsitsi pali anthu ambiri.

Ine ndinaseka. Agogo sanaseke. Anayang'ana masikono awo osagulidwa n'kunena kuti ngati anthu aiwala tiyi wawo, atseka n'kukakhala kumudzi. Agogo akanena kuti atseka, amatsekadi.

Tsono inu awerengi, mwaona mmene zilembo zaondera masiku ano? Khadi laukwati umachita kulitembenuza katatu kuti udziwe amene akukwatira. Chidziwitso cha kutchalitchi chimafuna magalasi awiri. Kodi tikulembera ndani? Amene amakonza zimenezi amaziona pafoni, pafupi ndi mphuno. Koma woziwerenga ali tsidya la msewu, thumba la usipa lili pamutu, kondakitala wa minibasi akumukoka dzanja. Ali ndi nthawi yomasula ulusi?

Onani mitu ya nkhani m'nyuzipepala. Zilembo zake zimaima nji, nsapato zili kuphazi. Ngakhale pepalalo likulunge tchipisi, mafuta atalowerera, mutu umawerengekabe.

Sindikuti zilembo zowonda zilibe ntchito. Pa botolo la mafuta onunkhira zimakhala bwino. Koma tiyi?

Lachitatu ndinapita kwa Ada Longwe kukawapempha kuti atilemberenso. Anangondionetsa manja awo akunjenjemera, nati burashi anaisiya kalekale. Ndinabwerera chimanjamanja.

Dzulo m'mawa ndinangoona Ada Longwe atulukira pa tiyirumu, ndodo m'manja. Anaima pansi pa chinsalu chija, kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ama, mwayamba liti kuluka tsitsi?"

"Musandiyambe, Ada Longwe," anatero agogo. "Mumwa tiyi kapena mwabwera kudzanyoza?"

Tiyi sanamwe. Anapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa envulopu yakale. Mkati munali zilembo zitatu zodula pa katoni, zonenepa, nsapato zili kuphazi: T, I ndi Y.

"Penti ukagule wakuda," anatero akutsika masitepe. "I-yo uigwiritse ntchito kawiri."