Ramu ya ku Joni

Kompyuta yanga yoyamba ndinaigula kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka. Ndinaiika m'kachipinda kuseri kwa golosale pa Ntaja, n'kumalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati. Inali yochedwa koopsa. Ndikaiyatsa m'mawa ndinkayamba ndasesa, kukagula zitumbuwa, kubwerako iyo isanamalizebe kudzuka.

Kenako alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, anabwera kuchokera ku Joni. Kumeneko ankathirira maluwa panyumba ya bwana wina, koma atangotsika basi kuno anasanduka katswiri wa chilichonse chokhala ndi waya.

"Alamu, vuto ndi ramu," anatero ataiyang'ana pang'ono. "Ikuchepa pokumbukira. Mwayi wanu, ndabwera nayo."

Anatulutsa sokosi m'thumba la jekete. M'sokosimo munali timapulanga tiwiri tobiriwira, totalika ngati chipeso. Akuti anatitola pa ofesi ina imene inkataya makina akale.

Tinamasula bokosi la kompyuta ndi mpeni. Mkati munali ramu imodzi, pambali pake mpata wopanda kanthu. Kapulanga koyamba kanakana kulowa, chifukwa kamng'alu kake sikanalunjike pamene panafunika. Alamu anaitanitsa tupa kuti akapale. Ndinakana, ndipo nzeru zanga za sabata imeneyo zinathera pomwepo. Kachiwiri kanalowa, kha! Titayatsa, kompyuta inayaka.

Masiku awiri athunthu ndinkaitana aliyense wodutsa. "Taonani liwiro!" Atelala oyandikana nane, amene sanagwirepo kompyuta chibadwire, anavomereza kuti yasinthadi. Inenso ndinkaona ndi maso angawa kuti ikuthamanga.

Tsiku lachitatu kunabwera ashehe a mzikiti wa kumsika, kudzalembetsa makadi a ukwati wa mwana wawo wamkazi. Ankatchula mayina a oitanidwa mmodzimmodzi, ine ndikulemba. Titayandikira kumapeto, sikirini yonse inasanduka yabuluu, kompyuta n'kudziyambitsanso yokha. Mayina onse anapita. Tinayambiranso. Kachitatu konse.

Ashehe sanakalipe. Anangovala nsapato zimene anavula chifukwa cha kutentha, n'kufunsa mofatsa, "Bambo, kodi cholembera wamba muli nacho?"

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Balaka, bokosi lili pamiyendo. Wokonza makompyuta amene anthu anandilozera anali mayi wachitsikana, wochepa thupi, wosakonda zolankhulalankhula. Atatsegula anandiyang'ana.

"Anagwiramo ndani muno?"

"Mlendo wina," ndinayankha.

Anazula ma ramu onse awiri n'kundisonyeza timapepala tomatidwapo. Manambala ake anali osiyana, opanga akenso osiyana.

"Iyi yatsopano ndi yothamanga, yakaleyi ndi yochedwa. Mukaziika pamodzi, yothamangayo imatsika kuti iyende mofanana ndi inzake. Nthawi zina zimagwirizana, nthawi zina iyayi. Zanuzi zakana."

"Koma inathamanga masiku awiri," ndinatero.

Anawabwezeramo onse awiri, anayatsa kompyuta, anadina apa ndi apo, n'kutembenuzira sikirini kwa ine. Anati pulogalamu yoyendetsa makina anga inali yakale kwambiri, moti gawo lalikulu la ramu ya ku Joni sinkaliona n'komwe.

"Ndiye liwiro lija?"

"Linali m'mutu mwanu, bambo."

Anasiyamo ramu yakale yokha, anapemerera fumbi lonse la pa Ntaja limene linatseka fani, n'kufufuta timapulogalamu tambirimbiri timene tinkadziyatsa tokha m'mawa uliwonse. Kompyuta inayaka ndisanamalize kumanga chingwe cha nsapato. Kapulanga ka alamu anandipatsa m'kapepala ka pulasitiki.

Makadi a ashehe ndinawamaliza madzulo omwewo. Alamu anafika n'kundipeza ndikusindikiza, anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno.

"Mwaona? Imafuna kuzolowerana basi. Katundu wa ku Joni sanama."

Ndinatsegula pakamwa, koma mayi a kunyumba anali pakhomo atanyamula tiyi, akumwetulira monyadira achimwene awo. Ndinati, "Zoonadi, alamu."

Mbiri inafalikira mpaka ku Nselema. Alamu asanabwerere ku Joni, anthu atatu anawabweretsera makompyuta awo kuti awathandize. Onse atatu ndinawalongosolera mwakachetechete njira ya kwa mayi a ku Balaka.