Kampata Pakati pa Nyimbo

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira ndinataya izi. Nyumba imene ndinamanga kwawo ku Dambe, poti ndinali mkamwini. Munda wa mtedza. Mbuzi zimene zinaphedwa pamaliro. Tulo. Mawu ake.

Chomalizachi ndicho chinkandidabwitsa. Nkhope yake ndinkaikumbukira, ngakhale kachipsera ka pachala, koma ndikati ndimve mumtima mmene ankayankhulira, kunali zii. Kusukulu ya uphunzitsi ndinawerenga mabuku ambiri, koma palibe linandiuza kuti mawu a munthu ndiwo amayamba kuchoka.

Chilimwe chilichonse, anthu atakolola ndipo sukulu zitatsekera, mpingo wathu unkasonkhanitsa achinyamata kumsonkhano wa misasa, m'mbali mwa dambo pafupi ndi malire. Ena ankachokera ku Chiosya, ena kutsidya ku Rodeshiya, atasenza ufa ndi mphasa. Ine ndinkaphunzitsa anyamata nyimbo, mkazi wanga ankaphunzitsa atsikana kumisasa yawo, kumene mwamuna sankapondako. Chaka chake chomaliza anawaphunzitsa nyimbo yatsopano, koma ine sindinamve mmene ankaiyimbira kumeneko. Chifuwa chake chinakula, ndipo tinachoka msonkhano usanathe.

Chilimwe chotsatira ndinapitanso, koma ndinapempha ntchito yamanja yokha. Ndinkamweta udzu, kudula mitengo ya misasa ndi kuwaza nkhuni. Aliyense anandisiya choncho mpaka mlaliki wamkulu, amene ankayendetsa msonkhanowo, anandipeza ndikunola chikwakwa.

"Aphunzitsi, wodziwa do-re-mi pano ndinu nokha. Atsikana aja nyimbo yatsopano akuidula pakati ngati nzimbe. Abusa achizungu akubwera Lamulungu. Kaikonzeni, tingachite manyazi."

Mayi woyang'anira atsikana anawakhazika pansi pa mtengo wa mkuyu, ine ndinatsegula buku la nyimbo. Anayamba bwino. Koma atafika pakati pa mzere wachitatu, pamene palibe chizindikiro chilichonse chopumira, onse anangoti chete, kenaka n'kupitiriza. Ndime yachiwiri chimodzimodzi, pamalo omwewo. Ana akalakwitsa nyimbo, aliyense amalakwitsa mwake. Awa ankaima pamodzi ngati wina wawakwezera dzanja, ndipo ndinafuna kudziwa chifukwa chake.

"Mumaimiranji pamenepa?"

"Ndi mmene imayimbidwira, aphunzitsi."

"M'buku mulibe."

Mtsikana wina wamtali wa kutsidya anayankha osakweza mutu. "Ndiye bukulo n'lolakwa. Kwathu tchalitchi chonse chimaima pamenepa, ngakhale agogo opanda mano."

Anzake anaseka, wina n'kumutsina. "Iwe, ukutsutsana ndi buku? Ndi dzina lako lomwe sutha kulemba!"

"Anakuphunzitsani ndani?" ndinafunsa.

Kuseka kunatha. Mayi uja anayang'ana pansi. "Bambo, mukufunsa zimene mukuzidziwa."

Ndinawauza kuti abwereze, ndipo ulendo uno sindinayang'ane m'buku, ndinayang'ana iwo. Pofika pakampata paja, atsikana angapo anagwira pachifuwa ndi dzanja lamanzere. Sankadziwa kuti akutero. Mkazi wanga ankagwira choncho mpweya ukamuperewera. Mzere wachitatuwo ndi wautali, ndipo chaka chija sakanatha kuumaliza ndi mpweya umodzi. Iye ankapuma chifukwa cha matenda, anawo ankayesa kuti ndi nyimbo. Anainyamula choncho kupita nayo kumidzi yawo, mpaka kuwoloka nayo malire.

"Bwerezaninso," ndinatero.

Pakampatapo ndinamva atsikana onsewo akukoka mpweya nthawi imodzi. Mzerewo usanapitirire, mawu ake anabwera okha m'makutu mwanga, osasa pang'ono, otsika, monga analili. Ndinatseka buku, ndinawathokoza, n'kubwerera ku nkhuni zanga.

Masana mlaliki anandifunsa ngati ndaikonza.

"Ayi, abambo. Ndaphunzitsa anyamata kuti nawonso azidikira pamenepo."

"Ha! Ndinakutumani kukazimitsa moto, inu mwakasonkhezera? Nanga abusa akafunsa?"

"Muwatumize kwa ine."

Lamulungu abusa anabwera pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Iwo nyimboyo ankaidziwa ya m'buku. Pa mzere wachitatu msonkhano wonse unaima, iwo okha n'kupitirira, mawu amodzi pakati pa dambo. Anacheuka uku ndi uku. Pa ndime yachiwiri anadikira pamodzi ndi ife, ndipo sanafunse kanthu.

Ndatumikira pamisonkhano ya misasa kangapo chichitikire zimenezi. Ndinaphunzira kumanga udzu kuti mphepo ya Ogasiti isausasule, ndi kugoneka anyamata a midzi yodana mumsasa umodzi. Koma chimene ndimachiganizirabe n'chakuti ana samatenga zokhazo zimene wakonzekera kuwapatsa. Amatenga ndi kaimidwe kako, kutopa kwako, ngakhale pomwe umapumira. Ndikaima pamaso pawo ndimadzifunsa kuti kodi akutola chiyani kwa ine chimene sindikuchidziwa. Yankho sindinalipeze.

Pamodzi ndi mawu ake panabweranso tsiku lake lomaliza, limene ndinkangolikumbukira ngati chithunzi. Unali m'mawa, amayi ake ali kumtondo kuseri kwa nyumba. Mkazi wanga anandipempha kuti ndimuyimbire nyimbo yomweyo. Ndinaiyimba monga ilili m'buku, iye akutsatira chapansipansi. Pakati pa mzere wachitatu anandigwira mkono, akumwetulira.

"Musathamange, aphunzitsi. Dikirani ndipume kaye."