Dzanja la Sixten ndi Kachitini ka Fodya

Mu February 2016, Sixten Norberg anakhala m'chipinda cha dokotala mumzinda wa Umeå, dzanja lamanja lili gone patebulo ngati la munthu wina. Miyezi inayi m'mbuyomo, makina ochekera mitengo anam'pulumuka m'nkhalango n'kumudula mtsempha wonyamula mauthenga, mmunsi mwa chigongono. Madokotala anausoka, koma zala zinali zii. Ngakhale supuni inkamugwa.

Dokotala wake, Majvor Eklöf, anali atamufotokozera kale. Mtsempha ukaduka, mbali yakumunsi imafa. Koma timaselo timene timaukuta, totchedwa maselo a Schwann, sitifa nawo. Timasesa zowola, kenako timandandana n'kupanga kanjira koti mtsempha umerenso, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Chovuta n'chakuti minofu ya m'dzanja siidikira mpaka kalekale. Chikadutsa chaka ndi theka isanalandire uthenga, imafota osadzadzukanso.

Mwezi uliwonse Majvor ankagogoda mkonowo ndi chala, kuyambira kudzanja kukwera mmwamba. Pamene Sixten wadzidzimuka ngati wagwidwa ndi magetsi, m'pamene nsonga ya mtsempha yafika. Tsikuli anagogoda, nayeza kuchokera pachipsera, n'kuyezanso.

"Watsalira kwambiri. Mukusuta?"

"Ine? Chibadwire sindinayatsepo ndudu."

Mkazi wake Gunnel anaseka kuseka kowawa. "Sasutadi, adokotala. Koma taonani chotupa cha pansi pa mlomocho. Ine ndine mkazi wachiwiri, wamkulu ndi snus, fodya wovwatayu."

"Iwe Gunnel, anati kusuta. Utsi ukuuona apa?"

"Maselo aja alibe nazo ntchito za utsi," anatero Majvor. "Chikonga chimafinya timitsempha tamagazi tomwe timawadyetsa. Sindikulonjezani kuti mukasiya muchira. Koma mtsemphawu ukapitiriza kuyenda chonchi, ukapeza minofu itafa kale."

Sixten analavula kampukutu ka fodya wonyowayo m'kapepala. Anamuyamba ali mnyamata, bambo ake akumutambasulira kachitini pa ulenje wake woyamba. Kwa iye sanali fodya ayi, anali ngati khofi.

Atasiya fodyayo, masabata otsatira anali moto. Thupi linkanjenjemera, mtima uli m'mwamba. Anakalipira galu, anakalipira Gunnel chifukwa cha mbatata zosapsa. Anzake a ulenje atabwera kudzamuona, mmodzi anatsegula kachitini n'kumuyandikizira kumphuno.

"Tenga kamodzi, mkulu. Dzanja linapita kale ili, ufuna ufenso ndi chibaba?"

Sixten anayang'ana kachitiniko nthawi yaitali. Kenako anatuluka panja, n'kukaima pa chisanu mpaka alendo atapita.

Tsiku ndi tsiku ankawongola zala zopanda moyozo ndi dzanja lamanzere kuti mfundo zisaume. Palibe chinkaoneka. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unkangophwa, pakutsala dzenje.

Mu March, Majvor anagogoda, nayezanso. Mu April anati, "Ukuyenda, koma tachedwa." Chilimwe chonse chinatha choncho, nsonga ya mtsempha ikukwawa kulowera kudzanja, dzenje lija likukulirakulira.

Mu November, Majvor anamuuza kuti agunditse chala chachikulu ku chala chamkombaphala. Sixten anakakamiza mpaka thukuta kuchita kamukamu. Chala osasuntha.

"Yesaninso."

Pansi pa khungu, m'dzenje muja, kanthu kanaphethira.

Majvor anaika chala chake pamenepo. "Bwerezani." Kanaphethiranso.

"Wafika," anatero. Gunnel, amene anali chilili pambali, anakhala pansi.

Dzanjalo silinabwerere mwakale. Mpaka lero limawawa kukazizira, ndipo makina a pamanja aja sanawagwirenso. Koma mu 2018 Sixten anakhoza mayeso oyendetsa chimakina chachikulu chogwetsa mitengo, chomwe chimawongoleredwa ndi nsonga za zala. Chala chachikulu chija ndicho chimayendetsa mpeni wake.

Mwina nanunso mukugwira ntchito yomwe zipatso zake sizikuoneka. Dziwani kuti kuchira kwina kumachitikira mkati, pang'onopang'ono, maso osaona. Funani chimene chikukufinyani, ngakhale chikhale chomwe munazolowera kuyambira ubwana, ndipo muchitaye lero. Mukatero limbikirani. Musataye mtima poona kuti mukukwawa, wokwawa amafika.