Ndathira kulorini m'mabotolo a bambo a Lusubilo

Monire mose, tamvani zandichitikira lero.

Paja bambo a Lusubilo ali ndi chigalasi cha madzi amchere pabalaza, momwe amasunga tinkhanu tam'nyanja tomwe anabwera nato ku Tanzania. Chakudya chake amachita kuweta okha. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tokhala m'mabotolo a madzi obiriwira pawindo.

M'mawa atangopita kuntchito, ndapeza Lusubilo wakwawira pawindopo, akunyambita botolo. Kuunika botololo padzuwa, ndaona tinthu tikuyendayenda m'madzimo. Ine osaganizanso kawiri, ndatenga kulorini uja anatigawira a zaumoyo, n'kudonthezera m'mabotolo onse. Madzi anayera kuti mbee, ine n'kumadziyamikira kuti ndine mayi waukhondo.

Bambo ake atabwera masana anaima pawindo n'kuunika mabotolowo. Kenako akuti, "Mayi a Lusu, mwandiphera khola lonse. Tinkhanu tanga tidya chiyani mawa?" Ndinati ndingotisinjira usipa. Anaseka mpaka kukhala pansi, ati tinkhanuto timadya zamoyo zokhazokha. Manyazi ake!

Mwamwayi anagawirako kale mnzawo wa ku Lufita mbewu ya tizilomboto, ndiye panopa akwera njinga kukapempha botolo limodzi. Mwana ali bwinobwino, sanatsegule m'mimba, koma ndikumuyang'anabe thewera.

Tsono amayi ndi inu alamu, tiweruzeni. Iwo akuti mabotolo abwerere pawindo pomwepo chifukwa amafuna dzuwa. Ine ndati akhome kaye shelefu pamwamba posafika mwana, apo ayi kulorini ndikadali naye. Ndalakwa ngati?